Intaneti ya pakhomo ku Mchinji: yambani mwayeza musanagule eriyo

Pafupifupi mudzi uliwonse m'boma la Mchinji uli ndi malo ake odziwika oimbirapo foni. Kwina ndi pachulu, kwina ndi patsinde pa mtengo wa mango wa pasukulu, kwina ndi pamlatho. Kale nkhaniyi inkathera pa nthabwala chifukwa foni inali yongopatsirana moni ndi kuuzana za maliro. Lero mwana akufunsira malo ku yunivesite pa intaneti, mlimi akufuna adziwe mtengo wa soya ku Lilongwe asanagulitse kwa venda, mphunzitsi akuchita maphunziro a patali, ndipo mayi akudikira kuona nkhope ya mwana wake amene ali ku Joni. Zonsezi sizingachitikire pachulu usiku mvula ikugwa.

Ine ntchito yanga ndi yomangira anthu madishi a TV ndi magetsi a sola. Ndayenda nayo ku Waliranji, ku Kamwendo, paboma, mpaka ku Mkanda ndi ku Kapiri. Zaka zaposachedwapa, ndikangotsika padenga la munthu, funso limene ndimalandira ndi lakuti: "Amisiri, nanga intaneti ya m'nyumba muno mungaikonze? Ikuchedwa ngati kamba." Ambiri amakhala atawononga kale ndalama. Asintha simukhadi kawiri katatu, agula bandulo yaikulu, ena agula foni yatsopano, koma vuto lili pomwepo. Ndalama zimenezi ndi za mtedza ndi soya wa chaka chonse, ndiye ndati ndigawaneko ndi awerengi anzanga zimene ndaona pa ntchitoyi.

Intaneti imachedwa pa zifukwa ziwiri zosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Chifukwa choyamba ndi chakuti mafunde a netiweki akufika pakhomo panu atafooka. Chachiwiri ndi chakuti mafundewo akufika bwinobwino, koma nsanja imene mukulumikizana nayo yadzaza ndi anthu. Rauta yabwino ndi eriyo ya panja zimachiritsa vuto loyamba lokha. Munthu amene wagula eriyo asanadziwe kuti vuto lake ndi liti ali ngati womwa mankhwala a malungo asanayezetse magazi.

Tiyambe ndi mmene boma lathu lilili. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti ku Mchinji kuli anthu 602,305, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'midzi yotalikirana. Makampani a foni amaika nsanja zawo kumene kuli anthu ambiri, monga m'mbali mwa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita kumalire, komanso m'misika ikuluikulu. Mukangopatuka kulowa kumidzi, mtunda wa pakati pa inu ndi nsanja umakula. Kuwonjezera apo tili ndi mapiri a Mchinji, kumene mtsinje wa Bua umayambira, tili ndi madambo otsika, ndi mitengo ya bulugamu ndi mango yozungulira makomo. Mafunde a foni sakhota ngati njira ya ngolo. Phiri limawatchinga, masamba onyowa amawafooketsa, ndipo nyumba ya kudambo amaidutsa pamwamba. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti netiweki inali bwino mu Okutobala koma yavuta mu Febuluwale mitengo itabiriwira.

Chotchinga china tinachikweza tokha ndi manja athu: denga la malata. Chitsulo chimabweza mafunde a wailesi. Khoma la njerwa zowotcha nalo limadyako mphamvu, makamaka likanyowa. Nyumba yamakono ya malata, ya njerwa, yokhala ndi zitsulo zoletsa akuba m'mawindo, imakhala ngati bokosi lotsekera netiweki kunja. Banja lina kufupi ndi Kamwendo linandiitana litatopa ndi kusintha masimukhadi. Ndinapeza rauta yawo ili m'kabati ya TV, pakati penipeni pa nyumba, itafundidwa kansalu koluka kuti isagwire fumbi. Tinangoitulutsa n'kuiika pamwamba pa windo loyang'ana kumsika, kumene kuli nsanja. Mwana wawo anatsegula kanema wa phunziro lake osaimaima. Bambo a m'nyumbamo anafunsa kuti, "Ndiye tilipire zingati?" Ndinati, "Bambo, mungondipatsa ya kabaza." Panalibe chogula.

Choncho sitepe yoyamba ndi yaulere, ndipo ndi kuyeza. Timizere ta netiweki timene timaoneka pakona ya foni sitinena zoona zonse, chifukwa kampani iliyonse yopanga mafoni imatiwerengera mwa njira yakeyake. Pali nambala yodalirika kuposa timizereto. Pa mafoni ambiri a Android, lowani pa Settings, kenako About phone, kenako SIM status. Mudzaona nambala yoyamba ndi kamzere ka kuchotsera, yotsatana ndi zilembo za dBm. Foni ikhale pa 4G pamene mukuwerenga. Nambalayi ikamayandikira ziro ndiye kuti mphamvu ndi yochuluka. Pa -80 zinthu zili bwino kwambiri, pa -95 n'pakatikati, pa -110 mwayamba kuvutika, ndipo pa -120 intaneti imangodukaduka. Kusiyana kwa manambala atatu okha kumatanthauza kuti mphamvu yawirikiza kawiri, ndipo kusiyana kwa manambala khumi kumatanthauza kuti yawirikiza kakhumi. Choncho kuchoka pa -110 kufika pa -100 si nkhani yaing'ono.

Yendani ndi foniyo. Imani pabalaza, pawindo lililonse, pakhonde, kuseri kwa nyumba, kenako kwerani makwerero mufike pamsinkhu wa denga. Pamalo alionse dikirani mphindi imodzi kuti nambala ikhazikike, ndipo muilembe m'kope. Ngati m'nyumba mukupeza -112 koma pamwamba pa makwerero mukupeza -98, dziwani kuti netiweki ilipo pakhomo panu, kungoti ili kunja ndi m'mwamba. Inu ndi amene eriyo ingakuthandizeni. Yesani chimodzimodzi ndi simukhadi ya Airtel ndi ya TNM, ngakhale yobwereka kwa mnansi, chifukwa nsanja za makampani awiriwa sizikhala mbali imodzi nthawi zonse. Zimene zimagwira kwa mlamu wanu ku Mkanda mwina sizingagwire kwa inu ku Tembwe.

Kuyeza kwachiwiri ndi kwa nthawi. Yesani kutsegula kanema yemweyo, kapena kuyeza liwiro ndi Speedtest, cha m'ma 5 koloko m'mawa, kenako cha m'ma 8 koloko usiku. Musabwereze kambirimbiri poti kuyezako kumadya bandulo. Ngati m'bandakucha intaneti ikuthamanga koma usiku ikukwawa, pamene nambala ya dBm ili chimodzimodzi, vuto lanu ndi kudzaza kwa nsanja. Nsanja ili ngati mjigo wa m'mudzi: madzi ake ndi omwewo, ndipo pakachuluka zidebe aliyense amadikira. Mwini golosale wina pamsika wina waukulu, amene nsanja amaiona ali pakhomo pa sitolo yake, anagula eriyo ya mtengo wapatali kwa wamalonda wa mumzinda n'kundiitana kuti ndimuikire. Ndinamuonetsa kuti foni yake ikuwerenga nambala yabwino kale, ndipo intaneti imamuvuta pa tsiku la msika ndi madzulo okha. Eriyo sikanasintha kanthu. Mwayi wake unali wakuti wogulitsayo anavomera kuilandiranso.

Amene ali ndi vuto la kudzaza kwa nsanja angathe kuchita zinthu zochepa. Angasinthe kampani ngati inayo ili ndi nsanja yosadzaza, angamatsitse mabuku ndi makanema a maphunziro usiku kwambiri kapena m'mamawa, ndipo nthawi zina angalozetse eriyo ku nsanja ina ya patali pang'ono koma ya anthu ochepa. Kupitirira apo, ndi kampani yokha imene ingawonjezere mphamvu ya nsanjayo.

Tsopano kwa inu amene mwapeza kuti mafunde ndi ofooka. Musanaganize za eriyo, onani chipangizo chimene muli nacho. Ambiri amagawa intaneti kuchokera pa foni, ena ali ndi ka MiFi ka m'thumba, ena ali ndi rauta ya pathebulo yolowa simukhadi. Rauta ya pathebulo imagwira bwino kuposa foni chifukwa tieriyo take ta m'kati ndi tokulirapo, ndipo mungathe kuisiya pamalo abwino osaisuntha. Pogula, itembenuzeni muone kumbuyo. Marauta ena, monga Huawei B315, ali ndi timabowo tiwiri ta mazinga tolumikizira eriyo ya panja, totchedwa SMA. Ma MiFi ena ali ndi timabowo tating'ono totchedwa TS9, pamene ena alibiretu. Rauta yopanda timabowoti simungaimangire eriyo. Funsaninso ngati ndi yokhomedwa kuti izilandira simukhadi ya kampani imodzi yokha, chifukwa kuno kwathu ufulu wosintha kampani ndi wofunika. Marauta ambiri ali ndi tsamba lawo limene mumalitsegula pa foni polemba nambala imene yalembedwa pansi pa rautayo. Pa Huawei ambiri ndi 192.168.8.1. Marauta ena amaonetsa pamenepo nambala ziwiri zofunika: RSRP, imene ndi mphamvu ija ya dBm, ndi SINR, imene imasonyeza ngati mafunde akufika oyera kapena osakanikirana ndi phokoso. SINR ikapitirira 10 zinthu zimayenda, koma ikakhala pafupi ndi ziro intaneti imachedwa ngakhale timizere titadzaza.

Maeriyo alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Ina imalandira kuchokera mbali zonse, ndipo imaoneka ngati ndodo yoyera. Imeneyi imathandiza amene ali pafupi ndi nsanja koma akungofuna kuthawa malata. Ina imayang'ana mbali imodzi, monga tochi. Mwa imeneyi muli yooneka ngati minga ya nsomba, yotchedwa Yagi, ndi ina yaphanthiphanthi ngati thireyi. Kwa munthu wa kumudzi amene nsanja ili pa makilomita angapo, yoyang'ana mbali imodzi ndiyo yoyenera. Onetsetsani kuti palembedwa kuti imalandira mafunde kuyambira cha m'ma 700 mpaka 2700 MHz. Chifukwa chake n'chakuti makampani a foni amagwiritsa ntchito mafunde osiyanasiyana. A m'munsi, monga 800 ndi 900 MHz, amapita patali ndipo amalowa bwino m'nyumba. A m'mwamba, monga 1800 ndi 2600 MHz, nthawi zambiri amanyamula zambiri koma safika patali. Eriyo yolandira onsewa sikusowetsani mtendere kampani ikasintha zinthu pa nsanja yake.

Ambiri amandifunsa ngati eriyo yakale ya TV ingagwire ntchitoyi. Siingagwire bwino. Tizitsulo take tinadulidwa molingana ndi mafunde a TV, amene ndi aatali kuposa a foni. Waya wa dishi nayenso si woyenera, chifukwa ndi wa 75 ohm pamene rauta imafuna wa 50 ohm. Chinanso n'chakuti 4G imathamanga bwino ikamalandira ndi tieriyo tiwiri nthawi imodzi, njira imene amaitcha MIMO. N'chifukwa chake kumbuyo kwa rauta kuli timabowo tiwiri. Gulani eriyo yotuluka mawaya awiri, kapena maeriyo awiri ofanana, wina wopendekera kumanja wina kumanzere ngati chilembo cha X.

Pa nkhani ya waya ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimatayikira. Mphamvu imene eriyo yatola imatha pang'onopang'ono pamene ikuyenda mu waya. Waya wowonda wa mtundu wa RG58 wotalika mamita 10 angathe kudya mphamvu yoposa theka, moti phindu lonse la eriyo limathera m'njira. Lamulo langa ndi lakuti waya akhale wamfupi, pafupifupi mamita 5, ndipo akhale wonenepa. Ndi bwino kusendeza rauta kufupi ndi eriyo, mwachitsanzo kuipachika pamwamba pa khoma la chipinda choyandikana ndi mlongoti, kusiyana ndi kukoka waya wautali mpaka pabalaza. Wi-Fi idzafika yokha pabalazapo. Palinso marauta a panja amene eriyo ndi simukhadi zili m'bokosi limodzi losalowa madzi. Bokosilo limamangidwa pamlongoti, ndipo m'nyumba mumangolowa waya wa kompyuta amene angatalike mpaka mamita 100 osataya liwiro. Ndi okwera mtengo, koma kwa sukulu, chipatala chaching'ono kapena ofesi ya kopaletivu ya alimi, ndi amene ndimalangiza.

Polozetsa eriyo pamafunika anthu awiri ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmodzi akhale pamlongoti, wina aziwerenga manambala. Tembenuzani pang'ono, dikirani mphindi, lembani, tembenuzaninso, mpaka mwazungulira. Nthawi zina mbali yabwino si imene kuli nsanja yoyandikira, chifukwa pakati pangakhale chitunda kapena munda wa bulugamu. Kukweza mlongoti ndi mamita awiri kapena atatu okha kuti udutse nsonga za mitengo kumathandiza kuposa kugula eriyo yaikulu. Mukapeza mbali yabwino mangani zolimba, chifukwa mphepo ya mwera imatembenuza eriyo, ndipo polumikizira mawaya kulungani ndi tepi kuti madzi asalowe.

Ndichenjezepo za mphezi. Chitsulo chilichonse chotalika kuposa denga chimaika nyumba pa chiopsezo nthawi ya dzinja. Mlongoti ulumikizidwe ndi waya wonenepa wa kopa wopita ku ndodo yachitsulo yokhomeredwa pansi, ndipo kukayamba ziphaliwali zulani mawaya a eriyo ku rauta. Musaimike mlongoti pafupi ndi mawaya a magetsi, ndipo musatume mwana kukwera padenga lonyowa. Intaneti siyofunika kuposa moyo.

Ife a kumalire tili ndi vuto lina limene a ku Salima sangalimvetse msanga. Chipata cha Mwami chili pa makilomita pafupifupi 12 kuchokera paboma, ndipo midzi yambiri yayandikana kwambiri ndi Zambia. Mafunde sadziwa malire. Foni kapena rauta ikaona kuti nsanja ya kwathu yafooka, ingathe kulumphira yokha pa netiweki ya ku Zambia, kumene kuli MTN, Airtel ya kumeneko ndi Zamtel. Zikatero bandulo yanu ya kuno nthawi zambiri sigwira, ndipo mayunitsi amatha ngati mchere m'madzi. Eriyo yokwera pamwamba imakulitsa chiopsezochi chifukwa imamva nsanja za patali. Choncho zimitsani Data roaming, ndipo posankha netiweki chotsani pa Automatic muike pa Manual n'kusankha kampani yanu. Eriyo yoyang'ana mbali imodzi imathandizanso pamenepa, chifukwa ikapenya kum'mawa imafulatira nsanja za tsidya lija. Kuyambira pamene chipata chatsopano chophatikiza maofesi a maiko awiriwa chinatsegulidwa mu Disembala 2022, ntchito zambiri za pamalire zimadalira intaneti, ndipo amalonda ena amasunga masimukhadi a maiko onse awiri. Amene amatero aonetsetse kuti rauta yawo ndi yosakhomedwa.

Pali chipangizo china chimene amalonda ena amachitsatsa pa WhatsApp, chotchedwa booster. Chimatola mafunde kunja n'kuwaulutsanso m'nyumba. Ine ndimakana kuchiika. Eriyo wamba imangolumikizidwa ku rauta yanu, koma booster ndi kawailesi koulutsa pa mafunde amene makampani anapatsidwa ndi bungwe la MACRA. Chikakhala chosapangidwa bwino chimabweza phokoso ku nsanja n'kuwonongera mudzi wonse netiweki. Zipangizo zoulutsa mafunde zimayenera kukhala zovomerezedwa ndi MACRA, ndiye safunsa anadya phula: funsani kaye kampani yanu kapena bungweli musanatulutse ndalama.

Musaiwale za magetsi. Marauta ambiri a pathebulo amayendera mavoti 12, choncho angathe kuyaka ndi batire ya sola ya pakhomo, ndipo sadya moto wambiri. Onani kaye zimene zalembedwa pa chaja chake. Komanso walira mvula walira matope: intaneti ikayamba kuthamanga, bandulo imatha msanga. YouTube ndi Facebook zimayamba kuonetsa makanema owala kwambiri, mafoni a m'nyumba amayamba kudzikonza okha akangoona Wi-Fi, ndipo ana a aneba amadziwa nambala yachinsinsi pasanathe sabata. Sinthani nambala yachinsinsi imene inabwera ndi rauta, tsitsani kuwala kwa makanema, ndipo letsani mafoni kutsitsa zinthu okha.

Alipo makomo ena amene ngakhale mutakwera pansonga ya bulugamu simupeza 4G, makamaka kuseri kwa mapiri. Kumeneko eriyo ilibe chotola. Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti, inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023 ndipo sidalira nsanja, koma mtengo wa zipangizo ndi malipiro a pamwezi ndi olemera kwa banja limodzi la mlimi. Mutu umodzi susenza denga: sukulu, mpingo kapena kopaletivu ndi amene angaiganizire. Njira ina ndi kudandaula mwadongosolo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund pansi pa MACRA, lothandizira kufikitsa mauthenga kumadera amene makampani saonako phindu. Mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi, makhansala ndi aphungu athu ali ndi poyambira. Kalata yonena kuti "kwathu kulibe netiweki" ndi yosavuta kuiiwala mu ofesi. Kalata yotchula midzi, sukulu ndi zipatala zokhudzidwa, pamodzi ndi manambala a dBm amene achinyamata ayeza m'malo osiyanasiyana, imapatsa amisiri a kampani chogwira.

Kwa inu amene mukudikira ndalama za soya kuti mugule eriyo chaka chino, pempho langa ndi lakuti mupatule masiku awiri okha. Tsiku loyamba yendani ndi foni ndi kope kuzungulira nyumba, tsiku lachiwiri yezani m'mamawa ndi usiku. Mukapita kwa wogulitsa, tengani kopelo ndi rauta yanu, mumuonetse timabowo take, ndipo mugwirizane kuti katunduyo akapanda kuthandiza mudzabweza. Wogulitsa wokana zimenezi, musiyeni ndi katundu wake.